Supuni ya Atsibweni

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinali mwana ngati ana ena onse, wamamina ndi mimba yodzaza nthochi, basi. Chimene ndikufuna mudziwe ndi nkhani ya supuni, chifukwa ndamva kuti ena mwa inu mumanong'onezana kuti bambo anu anataya nyumba ya kampani chifukwa cha uchitsiru. Mwina n'zoona. Werengani kaye, uchitsiruwo muuyeze nokha.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: fakitale ya kumunsi

Ntchito sindinaifunsire ine. Anandipezera ndi atsibweni anga, a Nakoma, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali timeka pa fakitale ya kumunsi ya esiteti ina kuno ku Thyolo. Timeka ndiye mwini tiyi m'fakitale. Masamba akafika kuchokera kumunda, iye ndi amene amanena kuti afota mokwana, adulidwe. Apsa mokwana, alowe m'choumitsira. Ndipo pamapeto amalawa n'kunena ngati tiyiyo ndi wogulitsa kapena wothirira maluwa. Kalelo ntchito imeneyi sinkaphunziridwa m'kalasi, inkayenda m'mbumba. Timeka ankatenga mwana wa mlongo wake, osati wake wobereka ayi, poti kwathu ana ndi a kuchikazi, n'kumuphunzitsa zaka ndi zaka. Tsiku lopuma ntchito ankalowa naye mu ofesi ya manijala n'kunena kuti, "Bwana, uyu ndi mwana wa mlongo wanga." Kenaka ankamupatsa supuni yake yolawira tiyi, bwana akuona. Zikatero ntchito yapita, ndi nyumba yomwe, ija ya njerwa yokhala ndi mpopi pakhomo. Lamuloli silinalembedwe m'buku lililonse, koma mabwana ankalitsata, poti ankadziwa kuti mphuno sigulidwa kusitolo.

Musaganize kuti ndinangofikira pa supuni. Ndinayamba ndi tsache, zaka ziwiri zathunthu ndikusesa fumbi la tiyi mpaka malovu anga kufiira. Chaka chachitatu atsibweni anandiitanira m'chipinda chomwe masamba odulidwa amayalidwa kuti apse. Kupsa kumeneku si kwa moto ayi. Masamba amasintha okha, kuchoka pobiriwira kufika pofiirira ngati dothi la kwathu, fungo nalo n'kumasintha. Ukafulumira, tiyi amakhala waukali. Ukachedwa pang'ono chabe, wafa, wangokhala madzi otentha. "Manja kumbuyo," anatero atsibweni. "Maso tseka. Maso ndi abodza, manja ndi akuba. Yenda, ukafika pa wakupsa uime." Ndinayenda ngati wakhungu, n'kuima pomwe mtima unandiuza. Ndinangomva go! supuni pachipumi. "Ameneyo akadali mwana. Bwereza." Ana inu, chipumi chimene mumachiseka kuti n'chotulukachi si chobadwa nacho, anachiumba ndi atsibweni.

Mayeso enieni anali a makapu atatu. M'mawa uliwonse ankandiikira makapu atatu oyera, ndipo imodzi inali msampha: tiyi wooneka bwino zedi, wofiira psuu, koma wopserera pang'ono m'choumitsira. Unkatunga ndi supuni, kukoka mwaphokoso ngati munthu wosaleredwa, kuzunguza m'kamwa, n'kulavulira m'chitini. Ukaloza wa msampha uja kuti ndiye wabwino, chipumi chinkadziwa.

Manijala wathu nthawi imeneyo tinkamutcha Kamphepo, mzungu woonda woyenda ngati wasiya nyemba pamoto. Anali wabwino mtima, koma ankakhulupirira wotchi kuposa Mulungu. Tsiku lina anapeza atsibweni akulamula kuti masamba alowe m'choumitsira, iye n'kunena m'Chinyanja chake chothyokathyoka, "Nakoma, wotchi kunena mphindi khumi zatsala!" Atsibweni anavula chipewa mwaulemu wonse. "Zikomo bwana. Ndiye wotchiyo ndiyo idzamwe tiyiyu." Ine mumtima ndinati basi, ntchito yatha, lero tonse tikagona kumudzi kwathu ku Mphuka. Koma Kamphepo anaseka mpaka kukhala pathumba, ndipo tiyi wa tsiku limenelo ndi amene anayamikiridwa koposa mwezi wonsewo. Kuyambira pamenepo akamadutsa m'chipinda chathu ankabisa dzanja la wotchi m'thumba la kabudula.

Zaka za m'ma 1990: supuni ili m'thumba mwanga

Atsibweni anapuma ntchito mvula itangoyamba. Anandiveka jekete yawo, yomwe inkandilekeza m'maondo, n'kulowa nane mu ofesi. Ananena mawu aja, n'kundipatsa supuni, bwana akuona. Inali supuni wamba, yodyeka mbali imodzi ndi milomo ya anthu awiri: iwo, ndi atsibweni awo amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambiki wapansi, katundu kumutu, kudzathyola tiyi. Titatuluka panja anandigwira paphewa. "Waisoni, supuniyi si yako. Wangosungitsidwa. Usadzafe nayo m'thumba." Ndinati ndamva, ndipo ndinkaona ngati ndi nkhani yophweka.

Patapita zaka zitatu anandisamutsira ku fakitale ya kumtunda, ine, amayi anu ndi inu awiri oyamba. Abale, kumeneko ndiye kwawo kwa chiperoni. Nkhungu inkabwera n'kukhala sabata yathunthu ngati mlendo wosadziwa kutsanzika, masamba osafota, zovala osauma, amayi anu akuyanika matewera pamwamba pa mbaula. Magetsi nawo anayamba khalidwe lawo lothimathima. Akathima makina onse zii, masamba ali m'kati mopsa, ndipo masamba sadikira munthu. Nkhuni za bulugamu zotenthetsera choumitsira zinkabwera zaziwisi, zolira madzi. Kunabweranso chilala, tiyi kumunda kuuma nsonga, othyola ambiri n'kubwezedwa kumudzi. Ndinkawaona akudutsa pageti ndi madengu opanda kanthu, ena ondidziwa akundipatsa moni wa Chilomwe, "Moseliwa," ine mutu pansi ndi manyazi oti ndikadali pantchito. Chaka china tizida tonse toyezera kutentha tinafa, tatsopano n'kutenga miyezi kuti tifike. Ndinayendetsa fakitale yonse ndi mphuno, ndipo palibe wogula anadandaula. Pamenepo ndivomere, ndinayamba kudzimva. Ndinkayenda ngati tambala wa m'khola lopanda mnzake, amayi anu n'kumandifunsa ngati mphunoyo ikhozanso kuwaza nkhuni.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo alamu anga anamwalira, achemwali anga a Esnati n'kutsala ndi khanda lalikazi, Mwandida. Ku Mphuka munda wa amayi unali utagawidwagawidwa mpaka chigawo cha munthu umatha kuchilima usanamve ludzu, ndipo nyumba ya achemwali inagwa ndi mvula. Ine ndiye mwini mbumba, ndinapita kukawatenga. Amayi anu sananyinyirike ngakhale tsiku limodzi, anangosuntha mphasa. Kuyambira pamenepo nyumba ya kampani ija ndiyo inali kwawo kwa achemwali, analibe kwina.

Zaka za m'ma 2000: mphuno ya Mwandida

Inu ana anga atatu ndimakukondani, koma tinene zoona, mphuno zanu n'zongokongoletsa nkhope. Ndipo ngakhale zikanakhala zakuthwa, supuni sikanakhalabe yanu. Vuto langa linali loti achemwali analibe mwana wamwamuna, ndipo sanakwatiwenso. Mawu a atsibweni aja anayamba kundilemera.

Tsiku lina masana Mwandida anandibweretsera chinangwa ndi nandolo pageti. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kakafupi, miyendo mbuu. Ndisanalandire n'komwe mbale, kamwana kanakwinya mphuno n'kuti, "Atsibweni, tiyi wanu wapserera." Mlonda anaseka mpaka kugwetsa chibonga. Ine ndinati, "Iwe, takhala chete, ukudziwapo chiyani?" Koma miyendo inanditengera m'kati yokha. Ha! Choumitsira chachiwiri chinali chitatenthadi mopitirira, pang'ono pokha, ine osamva chifukwa ndinatandalira mu ofesi. Mwana anamva ali pageti, mphepo ikuomba. Ndinabwerera, n'kumuyang'ana bwinobwino ngati ndikumuona koyamba, ndipo chinangwa cha tsiku limenelo sindikukumbuka ngati ndinadya.

Kuyambira sabata imeneyo, Loweruka lililonse pakhonde: makapu atatu, manja kumbuyo, maso tseka. Achemwali ankalalata ali kukhitchini, "Achimwene, mwana wamkazi mukumuphunzitsa kulavula ngati wafodya? Adzamukwatira ndani?" Koma ndinkawaona akusuzumira pawindo, mano onse panja. Supuni inagwa pachipumi cha Mwandida kawiri kokha pa zaka zonsezo, ndipo kachiwiriko mpaka lero ndimakayika ngati wolakwa sanali ine.

Nthawi yomweyo fakitale inayamba kusintha. Kunabwera makina olankhula pa magalasi a kompyuta, n'kubwera nawo anyamata ndi atsikana a madigiri. Ndinkawaseka, Mulungu andikhululukire. Ndinkati awa ukawapatsa madzi otsukira mbale m'kapu yoyera alemba lipoti kuti ndi tiyi wabwino. Ndiye chaka china ogula akunja anakana tiyi wathu. Ndinathamanga kukalawa. Anali wokoma, wopanda chilema chilichonse. Koma ogulawo sanafunse za kukoma. Ankafuna mapepala osonyeza munda womwe masamba anachokera, mankhwala omwe anapoperedwa, ndi zomwe makina a mu labu apeza m'tiyimo. Amene anatipulumutsa ndi mmodzi mwa ana omwe ndinkawaseka aja, mtsikana wachete, a Chikopa. Anatha masabata atatu akuyenda m'minda ndi mabotolo, n'kumakhala pa kompyuta mpaka maso kufiira, ndipo tiyi uja anapita. Ine masabata onsewo ndinkangozungulira ndi supuni m'thumba, osadziwa pogwira. Zinandiwawa, koma sindinauze munthu.

Chaka chopuma ntchito

Pomwe nthawi yanga inkakwana, mayi Chikopa aja anali atakwera mpaka kukhala manijala wa fakitale. Mwandida anali atakhoza bwino mayeso a fomu folo, akudikira kumva za kuyunivesite. Kutatsala miyezi itatu mayi Chikopa anandiitana, n'kundipatsa mpando, iwo n'kuchoka kuseri kwa tebulo kudzakhala pafupi nane.

"A Waisoni, mwambo wa supuni ndikuudziwa," anatero. "Ndakambirana ndi akuluakulu. Aulemekeza chifukwa cha inu, koma n'komaliza. Mukabwera naye Mwandida ayamba ntchito, ndipo nyumba ikhalabe ya banja lanu. Koma ndiloleni ndilankhule ngati mwana wanu, osati ngati bwana. Ntchito imene mukufuna kumusiyirayi ikusungunuka m'manja. Sipapita zaka zambiri kampani idzakana timeka wopanda digiri. Adzamuikira munthu pamwamba, iye n'kumangotsuka makapu. Taonani kunjaku. Alimi ang'onoang'ono akudzala tiyi ku Chimaliro, ku Mphuka kwanu komwe. Mawa adzafuna mafakitale awo, alangizi awo, anthu awo a mu labu. Ana akubadwa tsiku ndi tsiku, koma minda sikubadwa. Ana amenewa adzadya za m'mutu. Panopa tikafuna munthu wophunzira timakamutenga ku Blantyre, munthu wosadziwa n'chiperoni chomwe."

Ine ndi matama anga ndinati, "Kodi digiriyo imanunkhiza, bwana?"

Anaseka. "Sinunkhiza. N'chifukwa chake ndikulakalaka Mwandida atakhala nazo zonse ziwiri. Koma ndisakunamizeni. Akapita kusukulu malo ano samudikira, nyumbanso muchokamo. Kampani si yanga."

Patangopita masabata awiri kalata inabwera: Mwandida wasankhidwa kukaphunzira za kakonzedwe ka zakudya. M'malo mwa chikondwerero, m'nyumba munagwa maliro. Achemwali anandipeza pakhonde, n'kukhala pansi, miyendo tambalale. "Achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pitani pa Limbe mukawerenge a madigiri amene akugulitsa mayunitsi. Mwana ntchito ili apa, nyumba ili apa, mukufuna akasake chiyani? Ine ndakula, mukufuna ndikagone pati? Kodi atsibweni anakupatsani supuni kuti muzikandira nayo msana?" Ndipo ndisawanamizire achemwali okha. Inenso ndinkafuna. Ndinkafuna kumva anthu akunena kuti uyo ndi timeka wachinayi wa mbumba imodzi, woyamba wamkazi, wophunzitsidwa ndi a Waisoni. Ndinamuitana Mwandida n'kumufunsa maganizo ake. Anagwada, maso pansi. "Ndichita zimene munene, atsibweni." Ndinamva zomwe ndinkafuna kumva, ndipo sindinafunse kachiwiri.

Tsiku lija linafika, m'mawa wa chiperoni. Ndinavala jekete ya atsibweni, yomwe tsopano inkandithina m'mimba. Achemwali anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi n'kukhala pabenchi kunja kwa ofesi. Tinalowa awiri. Mwandida anaima patsogolo pa tebulo, mayi Chikopa atagwira cholembera, fomu ya ntchito ili poyera. Supuni ndinali nditaitulutsa kale. Ndiye mphepo inakankha chitseko, ine n'kubwerera kukatseka. Potembenuka ndinamuona Mwandida chakumbuyo. Anaima monga ndinamuphunzitsira, manja kumbuyo. Koma m'manjamo munali kalata ija ya kuyunivesite, yopindidwa mpaka kuchepa ngati bokosi la machesi, m'mapindo mwake mutada ndi kung'ambika chifukwa chotsegulidwa kawirikawiri. Anaifinya mpaka zala kuyera. Kutsogolo nkhope inali yofatsa, ya mwana womvera. Kumbuyoko ndi kumene kunali Mwandida weniweni, ndipo ndinali ndisanavutikepo kuzungulira kuti ndikaone.

Ndinaganiza za achemwali pabenchi, za mpopi pakhomo, za atsibweni m'manda. Ndinachita mantha, ana anga, mantha enieni. Kenaka ndinabweza supuni m'thumba, n'kuvula chipewa.

"Bwana, ndabwera kudzatsanzika. Mwanayu wangondiperekeza. Akupita kusukulu."

Mwandida anatembenuka, pakamwa pali yasa. Mayi Chikopa anaika cholembera pansi, n'kuimirira, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Titatsegula chitseko, achemwali anadzuka pabenchi n'kuyamba nthungululu. Anailulutira mpaka pakati, n'kuona nkhope yanga, n'kuona manja a mwana opanda supuni. Nthungululu ija inadukira pakhosi.

Zaka za ku Mphuka

Mwezi usanathe thirakitala ya kampani inatitula ku Mphuka ndi mipando yathu. Malo anga anapatsidwa mnyamata wa digiri wochokera ku Blantyre, waulemu ndithu, koma supuni sindinamupatse, si mwana wa mlongo wanga. Tinamanga tinyumba tiwiri, ka ife ndi ka achemwali, zitseko zoyang'anizana. Mpopi kunalibe, madzi ankachokera pa mjigo kumunsi kwa chitunda. Achemwali akafika ndi ndowa ankaitula pafupi ndi khomo langa kuti phi! kuti ndimve kulemera kwake. Chaka chathunthu sanandipatse moni. Akafuna kundiuza kanthu ankauza nkhuku. "Nkhuku inu, kawauzeni anzeru aja kuti denga likudontha." Ine n'kutenga makwerero. Panopa timaseka, koma nthawi imeneyo zinkandilasa, chifukwa ndinkadziwa kuti msana umene ukupindika ndi ndowawo ndaupinda ndine.

Inu ana munathandiza pa sukulu ya msuweni wanuyu, aliyense monga akanathera, ena mukung'ung'udza. Sindinakuthokozeni mokwana. Zikomo, Mulungu akuonjezereni.

Mwandida ali chaka chachitatu kunabwera matenda aja tinkavala nawo zotseka pakamwa. Anandigwira, ndinagona masabata awiri, n'kuchira. Koma mphuno sinabwerere. Ndinkadikira kuti mwina mawa, mwina mwezi wa mawa, osatheka. Ndinkafikisa masamba a ndimu m'manja n'kununkhiza, zii. Amayi anu anatulukira tsiku lomwe anandisiyira nandolo pamoto, n'kupeza utsi uli tolo, ine ndili pompo ndikusoka nsapato. Sanakalipe. Anangoyang'ana mphika, n'kuyang'ana ine. Ndinawapempha kuti asauze munthu, makamaka Mwandida. Ndinkachita manyazi ngati ndaba, poti munthu amene moyo wake wonse unali mphuno, ikafa watsala ndani?

Pa tsiku la digiri achemwali anavina mpaka mpango kugwa, ndipo m'minibasi pobwerera anandigawira nthochi ndi dzanja lawo, osatuma nkhuku. Ndinati basi, ndapambana. Kalanga ine, ndinafulumira. Chaka chinatha Mwandida akulemba makalata ofunsira ntchito, chachiwiri n'kuyamba. Kwina ankamuitana n'kumuuza kuti adikire, kwina osayankha n'komwe. Pamapeto anayamba kukazinga mandasi n'kumakagulitsa pa Thyolo Boma. Tsiku lina ndikuchokera kuchipatala ndinamuona pamsika, beseni patsogolo, akuthamangira minibasi. Anandiona, n'kuyesa kubisala kuseri kwa mayi wa tomato. Ndinapitirira ngati sindinamuone, misozi ikutsika m'ndevu. Achemwali nthawi imeneyi sankalalatanso, ndipo kukhala chete kwawoko kunkapweteka kuposa nkhuku zija. Ndinkadzifunsa kuti, Waisoni, wamulanda mwana ntchito, wamulanda mayi wake nyumba, supuni udzafa nayo m'thumba, ndipo wapindula chiyani?

Chaka chatha

Alimi ang'onoang'ono a tiyi cha ku Chimaliro anagwirizana n'kutsegula kafakitale kawo, monga ananenera mayi Chikopa. Ankafuna woyang'anira ubwino wa tiyi, ndipo wopanda digiri sankaloledwa n'kulowa pageti komwe. Mwandida anaitanidwa pamodzi ndi anzake ambiri, onse a mapepala okhaokha. Anawafunsa za labu, za kompyuta, za malamulo a ogula akunja. Pamapeto anawaikira makapu. Akuti enawo ankanyamula kapu, kuiyang'ana padzuwa, kulemba manotsi. Iye anaika manja kumbuyo n'kutseka maso, ofunsa aja n'kuyamba kuseka. Atamaliza anawauza kapu yomwe masamba ake sanafote mokwana, ndi yomwe inachedwa kulowa m'choumitsira. Kuseka kunatha. Anayamba ntchito mwezi wotsatira.

Patapita miyezi itatu, Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, anabwera ndi timapaketi titatu ndi makapu atatu oyera. "Atsibweni, tiyi wa manja anga. Sindikhulupirira za munthu wina mpaka munene inu." Amayi anu anayang'ana kumbali. Achemwali anali pamphasa akusenda nandolo, khutu lili kuno. Ndikanatha kunena zoona pomwepo, koma matama ndi matenda osamva mankhwala. Ndinatulutsa supuni, kutunga, kukoka mwaphokoso kuti nkhuku zimve, kuzunguza, kulavula patali mwaukatswiri. Madzi otentha. Yachiwiri, madzi otentha. Yachitatu, chimodzimodzi. Ndiye ndinachita chomwe atsibweni anandiletsa tsiku loyamba: ndinafunsa maso. Ndinaloza kapu yapakati, yofiira psuu, yokongola kuposa zonse. "Uyu ndiye tiyi."

Mwandida anandiyang'ana, akumwetulira kaye poyesa kuti ndikumuseka. Kumwetulirako kunazilala pang'onopang'ono. "Atsibweni," anatero motsitsa mawu, "bwerezani."

Ndinadziwa. Mwana anali atandiikira msampha monga ndinkamuikira iye, kuti tiseke limodzi ndikaugwira, ndipo ndinalowamo ndi miyendo yonse. Ndinapukuta supuni pajekete, n'kumulozetsa chogwirira, n'kuweramitsa mutu. "Gogoda. Mwambo ndi mwambo."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira matenda aja."

"Zaka zonsezi? Osandiuza?"

Sanagogode. Anaika chikhato chake pachipumi changa chotulukachi n'kuchisiya pompo, akulira mosatulutsa mawu. Kenaka anandiuza kuti kapu yoyamba ndiyo inali tiyi wake weniweni, ndipo anandifotokozera fungo lake pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ine iye ali kamwana. Ndikunenetsa, ana anga, ndinatsala pang'ono kulimva.

Ndinaimirira. Panalibe ofesi, panalibe manijala, panalibe fomu yosaina. Panali achemwali okha pamphasa, lichero pamiyendo. Ndinavula chipewa, n'kumugwira Mwandida padzanja, n'kupita naye patsogolo pawo.

"Achemwali, uyu ndi mwana wa mlongo wanga."

Ndinaika supuni m'dzanja lake, monga anachitira atsibweni kwa ine.

"Ndikumudziwa, ndinamubereka ndine," anatero achemwali, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anaika lichero pansi, n'kudzuka mogwira maondo. Ndiye anaitenga nthungululu ija pomwe inadukira pabenchi paja, n'kuimaliza yonse mpaka nkhuku kubalalika.

Ndiye uchitsiru wa bambo anu ndi umenewo, muugamule nokha. Nyumba ya njerwa sinabwerere, ndipo madzi tikutungabe kumunsi kwa chitunda. Dzanja langa limapitabe m'thumba la jekete palokha, n'kupeza mulibe kanthu. Mwezi ndi mwezi Mwandida amatumiza kapaketi, amayi anu n'kundiphikira m'mawa. Ndimamwa madzi anga otentha pakhonde, ndipo aliyense wodutsa ndimamuitana kuti adzalawe tiyi wabwino koposa m'Thyolo muno. Akandifunsa kuti ndadziwa bwanji, ndimati anandiuza ndi atimeka.